Phokoso la Lamulungu Masana

Phokoso lija linayamba mvula itangosiya, ndipo a Goliati Ndau sanachedwe kugamula kuti pali munthu amene akuwachita chipongwe. Dzina la munthuyo analibe, umboni analibe, koma mukanayerekeza kuwauza kuti mwina palibe munthu aliyense, mukanadana nawo mpaka kalekale.

Wailesi yawo sinali ngati mawailesi a m'nyumba zina ku Biriwiri, omvera nyimbo ndi mauthenga a maliro. Inali yolankhulirana, chibokosi chachitsulo cholemera ngati thumba la feteleza, chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni pamodzi ndi chifuwa cha kumgodi. Anaikhazika patebulo kuchipinda, n'kutulutsira waya wa eriyo pazenera, kuukweza pansungwi, kukaumanga pamtengo wa bulugamu kuseri kwa khola. Anthu a m'mudzimo anatopa kale kufunsa. Ena ankati mkuluyo amalankhula ndi azungu, ena ankati ndi zinthu zosayenera kuzitchula, koma zoona zake n'zakuti ankalankhula ndi munthu mmodzi yekha basi, Mfundo.

Mfundo anali mbadwa ya ku Joni komweko. Iye ndi a Goliati anagona chipinda chimodzi kukomponi zaka zambirimbiri, ndipo za mawailesizi anaphunzirira limodzi muwekishopu ya magetsi ya pamgodipo. Atapuma ntchito, Mfundo anabwerera kwawo kumapiri. Kumeneko madokotala anamuchita opaleshoni yapakhosi, mawu n'kuthera pomwepo, kenaka maso nawonso anachita khungu. Foni inalibe ntchito kwa iye: kulankhula sangathe, kuwerenga sangathe. Chinatsala ndi chala. Lamulungu lililonse dzuwa likangopendeka ankagogoda kachitsulo kaja amati kiyi, ti-ti-taa, taa-ti, ndipo a Goliati, mahedifoni ali m'makutu, ankamva zilembo zikubwera chimodzichimodzi n'kumayankha chimodzimodzi.

Chaka chimenecho Mfundo anali atanena yekha mosabisa kuti nyengo yozizira ino mwina saitha. A Goliati sanamutsutse, poti amuna a kumgodi sanamizana pa nkhani ya chifuwa. Chimene ankafuna chinali chimodzi: mnzawoyo akamadzatsanzika, iwo adzamumve.

Ndiye panabwera phokosolo. Linkamveka ngati munthu akukazinga chimanga m'phale pafupi ndi khutu lako. Kugogoda kwa Mfundo, kumene ndi kale lomwe kunkafika kofooka chifukwa cha mtunda, kunkangomira m'menemo. A Goliati ankatola chilembo apa, china uko, pakati ponse chimanga chokhachokha. Ndipo chimene chinawadya mutu n'chakuti pakati pa sabata wailesi inali phee. Lolemba bwinobwino. Lachinayi bwinobwino. Lamulungu m'mawa asanapite kutchalitchi, bwinobwino. Koma akangokhala pampando masana, apo phokoso lafika.

"Phokoso la mtundu wanji lodziwa kalendala?" ankadzifunsa choncho. Nthawi zina linkaduka mwadzidzidzi, iwo n'kusendera kutsogolo mtima uli m'mwamba, koma asanamve liwu lathunthu linkabwereranso. Pamenepo ankaona m'maganizo mwawo munthu atabisala penapake, chala chili pabatani, akuseka.

Woyamba kumuganizira anali Zelesi, mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu akazi awo. A Goliati anali mkamwini pamudzipo, kwawo kunali ku Manjawira. Akazi awo, a Dailes, anamwalira chaka chapitacho, ndipo maliro atatha akuchikazi sanawasudzule kuti abwerere kwawo. Palibe anati nyamukani, palibenso anati khalani. Kukhala chete kumeneko kunkawawawa kuposa kutukwanidwa. Zelesi ankabwera ndi kambale ka ndiwo pafupifupi tsiku lililonse, koma a Goliati ankaona maso ake, momwe ankakwerera kumalata, kutsikira pasimenti, kupita pachitseko. Ameneyu akuyeza nyumba, ankatero mumtima. Akudziwa kuti chondisunga pano ndi wailesiyi, ndiye wapeza njira. Kuti mayi wolima tomato angapange bwanji phokoso pamphepo, iwo sanafike poganiza. Munthu akafuna kukayikira mnzake safunsa mafunso ambiri.

Wachiwiri anali Gracious Kamwendo, wokonza mafoni ndi ma TV pa Lizulu. M'dera lonselo ndi iye yekha amene anali ndi laisensi ya wailesi yotereyi kupatula a Goliati, ndipo mungaganize kuti anthu awiri otere akanakhala pachibwenzi cha ponda apa nane mpondepo. Koma Gracious analakwitsa kamodzi, zaka zapitazo. Anaisisita wailesi ya ku Joni ija n'kunena kuti, "Mukadzafuna kuigulitsa, mudzayambire ine." A Goliati sanaiwale.

Tsiku lina lamsika anakwera minibasi kupita ku Lizulu kukagula fiyuzi, ndipo pakamwa panawatsogolera, anatchula za phokoso lija.

"Wailesi yanuyo yakalamba, a Ndau," anatero Gracious, maso ali pafoni imene ankakonza. "Koma mwinanso vuto silili m'kati, lili kunja. Bwanji ndibwere Lamulungu likudzali? Awiri sitingalephere kulipeza."

Pa mawu onsewo a Goliati anamvapo amodzi okha: yakalamba. Ehe, si izo! Ayambe waiipitsa mbiri, kenaka aitsegule, atulutsemo kachitsulo kena n'kuika m'thumba, pomaliza anene kuti yaferatu, ndipatseni ndikachotsemo masipeya.

"Ndikakufunani ndikuuzani," anayankha choncho, n'kunyamula fiyuzi yawo.

Lamulungu limenelo kunja kunali kozizira, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo phokoso linakula kuposa masiku onse. Pansi pake penipeni a Goliati ankamva kuti Mfundo akugogoda. Anagogoda nthawi yaitali, osapumira, osadikira yankho monga ankachitira. A Goliati anakanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri mpaka makutu kuwawa. Anapotokola batani ili, kupotokola ilo, kutseka maso, kusiya kupuma. Sanatolepo kanthu. Mfundo atasiya, iwo anagogoda mobwerezabwereza kuti bwereza, bwereza, sindinamve, koma ngati yankho linabwera, linamira momwemo. Anakhala pampandopo mpaka dzuwa kufiira, atakwiya, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha.

Munthu wina akanathamangira ku Lizulu m'mawa mwake. Osati a Goliati. Anatsegula wailesi okha, kupukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku, kumanga mawaya amene sanali omasuka n'komwe. Anatsitsa eriyo yonse, kuiyang'ana chikhatho ndi chikhatho ngati muli pamene wina wacheka, n'kuikwezanso. Patsinde pa bulugamu anapeza mapazi a munthu ndipo anawaphimba ndi beseni kuti asafufutike, mpaka anadzazindikira kuti anali a nsapato zawo zomwe. Lamulungu lina anakweza wailesi mpaka pamapeto, n'kukakhala pakhonde maso ali kunyumba ya Zelesi kumunsi, kuti aone amene alowe kapena kutuluka phokoso likamayamba. Chitseko chinali chotseka, pakhomo pali nkhuku zokha. Zimenezo sizinamuchotsere mlandu Zelesi. Zinangosonyeza kuti ndi wochenjera.

Masabata onsewo, pansi pa phokoso pankamvekabe kugogoda. Zilembo sankazimva, koma kugogodako kunkawauza kuti mnzawo akadalipo, ndipo ankagona ndi zimenezo.

Mphepo ya mu Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, anagonja. Anatumiza uthenga ku Lizulu kudzera kwa kondakitala wa minibasi, koma anatsimikiza mumtima kuti Gracious sakhala yekha m'chipindamo ngakhale pang'ono.

Gracious anafika panjinga yamoto anthu akuweruka kutchalitchi. Sanabwere ndi chikwama cha zipangizo. Anatulutsa m'thumba la jekete kawailesi kakang'ono ka mabatire, kotha utoto. Atalowa kuchipinda anapinda manja kumbuyo, ngati munthu wodziwa zimene akumuganizira.

"Ine sindigwira chilichonse, a Ndau. Muzigwira ndinu. Yatsani."

Anayatsa. Phokoso linali litafika kale.

"Tsopano zulani waya wa eriyo kumbuyoko."

Anazula. M'chipindamo munangoti zii.

"Mwamva? Wailesi yanu ilibe mlandu. Phokosoli ikuchita kulitola kunja. Bwezerani. Tsopano thimitsani sola ya m'nyumba muno yonse, wailesi tiilumikize kubatire lokha."

Anatero, phokoso osasintha. A Goliati anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: manyazi pang'ono, chifukwa munthuyu sanaisuzumire n'komwe wailesi ija, ndi kukondwa koipa, chifukwa ngati vuto lili kunja ndiye kuti iwo ankanena zoona. Pali munthu.

Gracious anayatsa kawailesi kake n'kukaika pakati pa masiteshoni, pamene sipalankhula munthu. Nakonso kanayamba kukazinga chimanga. "Tiyeni tiyende nako. Kukakula phokoso ndiye komweko."

Anatuluka, wamng'ono patsogolo atanyamula kawailesi m'mwamba, wamkulu pambuyo ndi ndodo. Chakukhola phokoso linachepa. Chakumsewu linachepanso. Atatembenukira kumunsi linayamba kukula, ndipo a Goliati anafulumiza mapazi, poti njira imeneyo inkadutsa pakhomo pa Zelesi. Mawu anali atawakonza kale, ena a iwo okhala ndi minga. Koma anafika pakhomopo, kuzungulira nyumba, kuzungulira nkhokwe, phokoso osafika pachimake. Linkawaitanira kumunsi ndithu, kumadimba.

Ali pakati pa njira, linaduka. Gracious anaima, kugwedeza kawailesi, kenaka anayang'ana kumwamba. Kamtambo kanali kataphimba dzuwa. Katangodutsa, phokoso linabwerera.

"Chimene chalidula ndi chimenecho," anatero akuloza kumwamba. "Chinthu chimenechi chimayendera dzuwa."

Anachipeza m'mphepete mwa mtsinje: mapanelo a sola awiri atatsamira pamiyala, kabokosi kotuwa kolendewera pamtengo, ndi pampu ikung'ung'udza m'madzi. Gracious atayandikiza kawailesi pakabokosipo, kanalira mpaka anakachotsa msanga. Ndipo kumapeto kwa paipi, chitenje atachikwinyira m'mawondo, akuthirira tomato, kunali Zelesi.

"Ndinadziwa!" a Goliati anakuwa. "Ndinadziwa ine! Alamu, ngati mukufuna nyumba ija, bwanji osangondisudzula poyera ngati anthu? Mpaka kugula makina oti mundidulire mnzanga?"

Zelesi anayang'ana a Goliati, kuyang'ana mlendo, kuyang'ana pampu. Gracious anafotokoza mwachidule kuti kabokosiko ndi kotchipa, kamataya phokoso pamphepo, ndipo eriyo ili kumtundako imalitola lonse. Mayiyo atamvetsa, anaponya paipi pansi, madzi n'kumangothawira mumzere.

"Alamu, mukuti chiyani kodi? Pampuyi ndi ya kalabu. Tinasonkherana anthu a m'dambo muno, ndipo imazungulira madimba. Pakati pa sabata imakhala kumunsi uko. Ine anandipatsa Lamulungu masana chifukwa ndi nthawi imene anzanga onse anaikana, wina kwaya, wina mpira. Ndiye inu miyezi yonseyi mwakhala mukudya ndiwo zanga uku mukundiyesa mfiti?"

"Nanga maso aja mumaponya kumalata?"

"Malata anuwo akudontha! Ndimayang'ana kuti mvula ikadzabwera mudzagona pati." Anapukusa mutu, misozi ya mkwiyo ili m'maso. "Sitinakusudzuleni chifukwa palibe akufuna kuti muchoke. Mupite kuti? Ku Manjawira, kumene ngakhale agalu sakukudziwani? Pakamwa muli napo, alamu. Mukanangofunsa."

A Goliati anasowa poyang'ana. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi, ndipo kupepesa kunawakanika, chifukwa anali asanakuyeserepo kwa zaka zambiri. Zelesi sanadikire. Anapita pakabokosi paja n'kudina batani. Pampu inatsokomola n'kukhala chete, kawailesi ka Gracious nakonso chete.

"Pitani mukamve mnzanuyo. Tomatoyu adikira."

Mtunda umene ankaukwera mopumira kawiri, tsiku limenelo anaukwera kamodzi. Gracious anatsalira pakhonde, akunena kuti Lamulungu linalo adzabwera ndi timphete toika pamawaya a pampu kuti onse awiri azigwira ntchito yawo, koma a Goliati anali atalowa kale. Anavala mahedifoni. Munali phee, kamphepo kokha kapatali. Ndipo m'kati mwa bata limenelo, momveka bwino ngati kuchipinda chinacho, wina ankagogoda dzina lawo lapawailesi, kenaka la Mfundo.

Anaseka okha, misozi ikutsika. Anagwira kiyi n'kuyankha kuti ndabwera, mbale wanga, ndabwera, ndikukumva. Yankho linayamba kubwera. Asanamalize kumva liwu loyamba, kuseka kuja kunauma.

Aliyense ali ndi kagogodedwe kake, monga aliyense ali ndi kayendedwe kake. Mfundo ankagogoda mothamanga, ndipo chifukwa mwala unamudula nsonga ya chala kumgodi, taa wake ankakoka pang'ono kumapeto. A Goliati akanamuzindikira pakati pa anthu zana. Uyu ankagogoda pang'onopang'ono, mosamala, kuima pakati pa chilembo ngati akuchikumbukira. Komanso ankalemba Chingerezi, osati Chifanakalo, chilankhulo chawo chakumgodi. Kukayikira kuja, kumene kunangochoka kumene ndi manyazi kudimba, kunabwerera kamodzin'kamodzi. Wina waba wailesi ya Mfundo. Wina akusewera nawo.

"Iwe si Mfundo," anagogoda mwaukali. "Ndiwe yani?"

Kenaka zilembo zinayamba kubwera, chimodzichimodzi.

"Ndine Nomsa, mwana wawo. Pepani pogwiritsa ntchito dzina lawo lapawailesi, langa ndilibe. Bambo tinawaika m'manda mwezi watha. Ndakhala ndikukuitanani Lamulungu lililonse."

A Goliati anachotsa dzanja pakiyi n'kuliika pabondo. Ndiye kugogoda kumene ankagona nako masabata onse aja sikunali kwa mnzawo. Anamva chisoni chachikulu, cholemera, ndipo sanafune kuti Gracious pakhondepo awamve, choncho analuma mlomo. Koma mwana uja anali asanamalize.

"Ndinaphunzira kugogoda kuti ndizilankhula nawo m'nyumba, koma ndimachedwa. Lamulungu lawo lomaliza anandipempha ndiwakhazike pawailesi. Anagogoda nthawi yaitali, mothamanga, ine osatha kutsatira. Atamaliza anagona, ndipo sanagwirenso kiyi. Mawu awo omaliza anauza inu, bambo. Chonde ndiuzeni. Anati chiyani?"

Analikumbukira Lamulungu limenelo. Linali lomwe lija Gracious anati abwere, iwo n'kumukaniza. Pampu inali pomwe paja kudimba, batani lake lomwe lija, ndipo mwini wake akanalidina mosavuta akanangopemphedwa. Mawu a Mfundo anayenda mtunda wonsewo, kudutsa mapiri ndi malire, kufika mpaka pabulugamu wa kuseri kwa khola, kutsika ndi waya, kulowa m'makutu mwawo. Iwo sanamvepo ngakhale limodzi, ndipo panalibe wina woti amuloze chala.

"Bambo, mulipo?" anagogoda Nomsa.

Analipo. Anayang'ana kiyi. Miyezi yonseyi anaithera kusaka wabodza m'mudzi monse osamupeza, ndipo tsopano anaona kuti wabodzayo akhala iwo, lero lomwe, ndipo sadzaulula kwa munthu. Iwo ankamudziwa Mfundo ngati chikhatho chawo. Ankadziwa zimene zinkamuseketsa, zimene ankaziopa, ndi amene ankamutchula akadwala. Anapukuta maso ndi mkono wa jekete, kusendeza mpando, n'kuika chala pakiyi. Anagogoda pang'onopang'ono, kuti mwanayo asaphonye chilembo ngakhale chimodzi.

"Ndilipo, mwana wanga. Ndinamva zonse. Anayamba ndi dzina lako."